Mimba ikamafufuma masana: kodi yoga ingathandize?

Funso

Ndine mayi wa zaka 44, ndimasoka zovala pa Lizulu. M'mawa ndimadzuka mimba ili bwinobwino, koma ikamakwana 3 koloko masana imayamba kufufuma mpaka siketi kundithina. Mpweya umangozungulira m'mimbamo uku ukulira, ndipo nthawi zina umabaya pansi pa nthiti zakumanzere. Mwana wanga amene ali kukoleji wandionetsa mavidiyo a yoga pafoni, akuti amathandiza. Kodi n'zoona? Nanga si zachipembedzo cha eni ake zimenezi? Ndine mayi wa mpingo, sindikufuna kulowa zinthu zosazidziwa. Mawondo anganso salola kugwada nthawi yaitali.

Yankho

Mayi, n'zoona ndithu kuti yoga yofatsa imathandiza, koma ili ndi malire omwe mavidiyo ambiri satchula. Imasuntha mpweya womwe wakodwa m'matumbo kuti upeze njira yotulukira, ndipo ikhoza kuphunzitsa minofu ya pamimba kusiya kukankhira mimba kunja. Chomwe singachite n'kuletsa mpweyawo kupangidwa. Ngati nkhomaliro yanu ndi nsima ya nyemba ndi kabichi, yodyera pambali pa makina mothamanga, kenako n'kukhalanso pampando mpaka dzuwa kulowa, mpweya upangidwabe ngakhale mudzipinde bwanji pamphasa. Tsono tikambirana zapamphasa, komanso zam'mbale.

Mtima ukhale m'malo kaye. Mimba yomwe imadzuka yaphwa m'mawa n'kumakula tsiku likamapita, kawirikawiri si ya matenda oopsa. Yomwe imatidetsa nkhawa ife azachipatala ndi yosaphwa konse, usiku ndi usana, ndipo ndiifotokoza kumapetoku.

Munthu aliyense wathanzi, ngakhale wolemekezeka bwanji, amatulutsa mpweya wa pakati pa mamililita 500 ndi 1,500 patsiku, ndipo kuphwisa ka 10 kapena ka 20 pa tsiku limodzi si matenda. Wina mwa mpweyawu timameza tokha: podya mothamanga, polankhula chakudya chili m'kamwa, potafuna chingamu, pomwa zakumwa za gasi. Wambiri mwa umenewu umabwerera kukamwa, ndiye kugeya kuja. Wina umapangidwa m'thumbo lalikulu, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe si tamatenda ayi, n'tothandiza. Chakudya chomwe matumbo ang'onoang'ono alephera kugaya chimakafika kwa tizilomboti, timachidya, n'kumatulutsa mpweya. Ulendo wa chakudya kuchoka m'kamwa kukafika kumeneko umatenga maola angapo, choncho musamangoimba mlandu nkhomaliro. Mimba ya 3 koloko nthawi zambiri imakhala ya mbatata ya m'mawa kapena nyemba za dzulo usiku, ndipo nkhomaliro imangodzutsa matumbo kuti ayambe kukankha zomwe zinalimo kale.

Thumbo lalikululi ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira m'munsi mwa mimba kumanja, limakwera mpaka pansi pa nthiti, limakhota n'kudutsa chopingasa kupita kumanzere, limakhotanso pansi pa nthiti zakumanzere, kenako limatsika n'kupindika kamodzinso lisanakafike kotulukira. Amene anathirirapo m'dimba ndi paipi akudziwa kuti mpweya umakodwa pomwe paipi yapindika, ndipo umachoka ukaigwedeza kapena kuitukula mbali imodzi. Pokhota pakumanzerepo ndi pokwera kuposa pena paliponse, n'chifukwa chake mumamva kubaya pamenepo. Ambiri amaopa kuti ndi mtima. Ululu womwe umasintha mukatembenuka, n'kutha mukatulutsa mpweya, ndi wa thumbo. Koma womwe umabwera mukamakwera chitunda, wopanikiza pachifuwa, wobwera ndi thukuta ndi befu, umenewo ngwakuchipatala tsiku lomwelo.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa. Madokotala a pachipatala cha Vall d'Hebron mumzinda wa Barcelona ku Spain akhala akufufuza za mpweya wa m'mimba kwa zaka zambiri. Mu 2009 anafalitsa zomwe anapeza atajambula mimba za odwala ndi makina a CT, nthawi yomwe mimba ili bwino komanso nthawi yomwe yafufuma. Mwa ambiri omwe analibe matenda ena a matumbo, mpweya sunali wochuluka kwambiri moti n'kufotokoza kukula kwa mimbako. Chomwe chinkachitika n'chakuti mnofu waukulu womwe umalekanitsa chifuwa ndi mimba, womwe madokotala amati diaphragm, unkatsika n'kukankhira matumbo pansi, uku minofu yakutsogolo kwa mimba ikulekerera. Matumbo akasowa kolowera amatulukira kutsogolo. Munthu sachita izi mwadala, thupi limangozolowera molakwika. Kwa ine, phindu lenileni la yoga pavuto lanuli lagona pamenepa, pakapumidwe, osati pakudzipinda kodabwitsa komwe kumakometsa mavidiyo.

Za chipembedzo sindikubisirani. Yoga inachokera ku India, ndipo mizu yake ili m'zikhulupiriro za kumeneko, makamaka za Chihindu. Alipo ambiri omwe amaichita ngati njira yauzimu, ndi mawu obwerezabwereza ndi kusinkhasinkha kwa mtundu wawo. Koma inafalikira dziko lonse ngati masewera olimbitsa thupi, moti mu 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku lake. Zomwe ndikupatseni pano ndi kagonedwe, kapindidwe ka miyendo ndi kapumidwe basi, zomwe madokotala a minofu ndi mafupa amaphunzitsa odwala tsiku ndi tsiku osatchula n'komwe dzina la yoga. Mwina inu nomwe munapindirapo miyendo ya khanda pamimba pake litavutika ndi mpweya. Vidiyo yomwe ikukuuzani kubwereza mawu omwe simukuwadziwa, isiyeni, simutaya kanthu. Ndipo ngati chikumbumtima chanu chikukanabe dzinalo, muzingoti ndikuwongola thupi.

Umboni wa akatswiri ulipo, koma ndi wochepa. Mu 2016 ofufuza a ku Germany anasonkhanitsa kafukufuku 6 wa anthu 273 omwe anali ndi vuto la matumbo osakhazikika, lomwe madokotala amalitcha IBS, lomwe limabwera ndi kufufuma, kupweteka ndi kusinthasintha kwa chimbudzi. Anapeza kuti omwe ankachita yoga zizindikiro zawo zinachepa, nkhawa nayonso inachepa. Anthu 273 si ambiri, ndipo ofufuzawo ananena okha kuti pakufunika kafukufuku wina wolongosoka. Ndiye ndimailimbikitsa osati chifukwa ndi mankhwala odabwitsa, koma chifukwa ndi yaulere, siivulaza ikachitidwa mofatsa, ndipo ambiri amapeza nayo mpumulo.

Simukusowa kugula chilichonse. Yalani mphasa kapena mkeka, pamwamba pake bulangete lopinda kawiri, chifukwa simenti ya kwathu kuno mu June ndi July siichitira munthu chifundo, ndipo thupi lozizidwa limadzimanga m'malo momasuka. Masulani siketi, chitenje, lamba, chilichonse chothina m'chiuno. Nthawi yabwino ndi m'mawa musanadye, kapena madzulo mukaweruka musanadye mgonero. Mukangotha kudya musagone pansi n'kumadzipanikiza mimba, dikirani padutse maola awiri, apo ayi mudziitanira chilungulira.

Yambani ndi kupuma, ndipo pamenepa musapathamangire. Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi ali pansi. Dzanja limodzi pachifuwa, lina pamchombo. Kokani mpweya kudzera m'mphuno pang'onopang'ono uku mukuwerenga mumtima mpaka 4, muulole upite m'mbali mwa nthiti ndi m'mimba, mapewa asakwere. Kenako tulutsani kudzera m'kamwa, milomo yotseguka pang'ono, mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Kwa munthu wofufuma mimba, kutulutsako ndiye kofunika kwambiri, chifukwa ndi pomwe mnofu uja umakwera kubwerera m'malo mwake n'kusiyira matumbo mpata. Mpweya ukamatha, lolani mchombo ulowe m'kati pang'ono, mofewa, osati mokakamiza. Musadzikhutitse mpweya mpaka mimba kuti tuu poganiza kuti ndiye kupuma bwino, kutero n'kuwonjezera vuto lomwe mukufuna kuthetsa. Chitani zimenezi mphindi 5. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukupuma mwamphamvu kwambiri, chepetsani. Kupuma kodekha kotere kumatsitsanso mtima, ndipo matumbo amagwira bwino ntchito munthu akakhala wosatekeseka. Mwinanso munaona kale kuti sabata yomwe sukulu zikutsegulidwa, mayunifomu atawunjikana eni ake akungobwerabwera, mimba imavuta kuposa masiku ena. Si mwangozi ayi.

Kenako bwerani pa kagonedwe komwe aphunzitsi a yoga amati Pavanamuktasana, komwe mwana wanu ayenera kuti anakuonetsani. Muli chigonere chagada, kwezani bondo lakumanja mulibweretse pachifuwa. Popeza mawondo anu amavuta, musagwire pamwamba pa bondo, lowetsani manja kuseri kwa ntchafu n'kukokera pamenepo, kuti bondo lisapindike mopitirira. Mwendo winawo ukhoza kukhala wopinda phazi lili pansi, msana umamasuka bwino motero. Mukamatulutsa mpweya kokerani ntchafu kumimba pang'ono, mukamakoka mpweya lekererani. Pumani motero ka 5 kapena ka 8, kenako sinthani mwendo. Timayambira kumanja potsatira njira ya thumbo ija. Mukatero bweretsani mawondo onse awiri, muwakumbatire, n'kumagwedezeka pang'onopang'ono uku ndi uku. Mutu ukhale pansi, mukautukula mungotopetsa khosi. Apa ndi pomwe ambiri mpweya umayamba kutuluka, ndiye sankhani chipinda chomwe simuchita manyazi ndi munthu, ndipo ukafuna kutuluka musaubweze.

Chotsatira n'kupotoza chiuno mofatsa. Tambasulani manja m'mbali, mawondo opinda ali pamodzi, muwagwetsere kumanja pang'onopang'ono mapewa onse awiri ali pansi. Ngati mawondo sakufika pansi, ikani pilo kapena chitenje chopindapinda pansi pake, palibe mpikisano. Pumani ka 5, bwererani pakati, kenako kumanzere. Kwa inu amene mumabayidwa pansi pa nthiti zakumanzere, mbali yomwe mawondo agwera kumanja ndi yomwe imatambasula pamalo pamenepo, choncho mukhoza kukhalitsako pang'ono.

M'mavidiyo muonanso anthu atagwada manja ali pansi, akukweza msana m'mwamba kenako n'kuutsitsa, komwe amati kaimidwe ka mphaka ndi ng'ombe, ndi kwina komwe munthu amakhalira zidendene chipumi chili pansi. Zonsezi n'zabwino koma zimalira mawondo abwino. Inu chitani muli pampando. Khalani kutsogolo kwa mpando, mapazi pansi, manja pamawondo. Pokoka mpweya tulutsani chifuwa n'kuwongola msana, potulutsa mpweya pindani msana chibwano chitsikire pachifuwa mchombo ulowe m'kati. Ka 8 kapena ka 10. Kenako tangazani miyendo pang'ono, weramani mpaka mimba igone pantchafu, manja alendewere, mupume ka 5. Ubwino wake ngwakuti izi mukhoza kuchita pampando wa makina womwewo, wodutsa n'kumaganiza kuti mukufuna singano yomwe yagwa. Kunyonyomala nakonso kumathandiza kwambiri chifukwa kumawongola njira yotulukira, koma ngati mawondo akukana, musawakakamize.

Malizani ndi kudzisisita. Mutagona chagada mawondo opinda, ikani chikhatho m'munsi mwa mimba kumanja, sisitani mokwera mpaka kunthiti, dutsani kupita kumanzere, tsikirani pansi. Mphamvu yake ikhale yongomveka, osati yopweteka. Mphindi 2 kapena 3 zakwana. Kenako gonerani kumanzere mawondo opinda kwa kanthawi, kagonedwe komwe kamathandizanso omwe amavutika ndi chilungulira. Zonse pamodzi zisapitirire mphindi 15 kapena 20, ndipo kuchita pang'ono tsiku lililonse kumaposa kudzipha ola lathunthu Lamlungu lokha.

Zina za m'mavidiyo zisiyeni ndithu. Kuima ndi mutu, kukweza miyendo mpaka kudutsa kumutu, kupuma kothamanga kokankha mimba mwamphamvu, kugwira mpweya nthawi yaitali: zimenezi si za munthu woyamba kumene, ndipo kwa amene ali ndi BP yokwera zikhoza kuvulaza. Lamulo lake n'lakuti kukokeka kwa minofu n'kololedwa, kubaya kapena kulasa ayi.

Tsopano ndinene chomwe okonda yoga sakonda kumva. Madokotala a ku Barcelona omwe aja anayesanso kulowetsa mpweya m'matumbo a anthu kudzera m'kachubu n'kumayeza womwe ukutuluka. Mu 2003 anaonetsa kuti mpweya umayenda msanga munthu akaimirira kusiyana ndi akagona chagada, ndipo m'zaka zotsatira anaonetsa kuti kupalasa miyendo pang'onopang'ono ngati pa njinga kumathandiza kuuchotsa, mwa anthu athanzi komanso mwa odwala kufufuma. Ndiye kugona phee pamphasa pakokha si mankhwala, chomwe chikugwira ntchito ndi kusuntha. Ndipo kuyenda pansi mphindi 10 kapena 15 mukangotha kudya kukhoza kukuchitirani zambiri mofanana ndi zonse ndafotokozazi. Mukadya nkhomaliro musabwerere pamakina nthawi yomweyo. Tsekani, zungulirani msika, kagulireni ulusi kusitolo yakutali m'malo motuma mwana. Ntchito yosoka imamupinda munthu pakati: msana wowerama, lamba wa siketi akudula pamchombo, nthiti zikupanikiza mimba maola ambiri. Ola lililonse imirirani, kwezani manja m'mwamba, pendamirani kumanja ndi kumanzere.

Palinso nkhani ya manyazi, yomwe pachikhalidwe chathu si yaing'ono. Mayi wolemekezeka sangaononge mpweya pamaso pa makasitomala, apongozi kapena ana, ndiye amaugwira tsiku lonse. Kuugwira kamodzikamodzi sikuvulaza, koma kuyambira m'mawa mpaka madzulo kumafufumitsa mimba ndi kupweteketsa. Ukabwera, pezani chifukwa chotulukira panja.

Tibwere m'mbale. Dera lathuli, kuyambira Bembeke kudutsa Lizulu mpaka Tsangano, limadyetsa dziko nyemba, kabichi, anyezi ndi kachewere, ndipo zitatu zoyambazo ndi akatundu popanga mpweya. M'nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya muli mitundu ya shuga, monga raffinose ndi stachyose, yomwe thupi la munthu lilibe chogayira, ndiye imafika yonse kwa tizilombo tija. Sindikuuzani kuti musiye nyemba. Ndi ndiwo yopatsa thanzi, yotsika mtengo kuposa nyama, ndipo matumbo amazifuna. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa tayani madziwo, tsukani, phikani ndi madzi atsopano mpaka zipse zofewa kwambiri. Shuga wina uja amapita ndi madzi otayidwawo, ndipo nkhuni kapena makala zimapita zochepa. Musaphatikize nyemba, kabichi ndi anyezi wambiri pa chakudya chimodzi. Tsiku la nyemba, masamba akhale nkhwani kapena bonongwe. Mbatata, chimanga chootcha, mango ambiri nthawi imodzi ndi mapichesi nazonso zimafufumitsa ena, koma anthu amasiyana, choncho musasiye zonse pakamodzi. Chotsani chinthu chimodzi kwa masabata awiri, muone ngati pali kusintha, kenako mubwezeretse muone ngati vuto libwerera. Mukasiya zisanu nthawi imodzi simudziwa cholakwa, mungodzimana chakudya.

Mkaka muuyang'anitsitse. Akuluakulu ambiri kuno sagaya bwino shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, chifukwa chogayira chake chimachepa munthu akamakula. Ngati tiyi wanu wa m'mawa ndi wamkaka wambiri, yesani kumusiya masabata awiri. Chambiko ambiri amachilola bwino chifukwa gawo la shuga ameneyu limakhala litasasa kale. Zakumwa za gasi ndi mpweya weniweni womwe mwaugula ndi ndalama zanu. Thobwa losasa kwambiri nalonso limavutitsa ena.

Chomwe ndikuletseni ndi chizolowezi chosungunula soda wophikira therere m'madzi n'kumwa. Munthu amageya kwambiri n'kumaganiza kuti wachira, pomwe mpweya womwe wageyawo wapangidwa ndi soda yemweyo atakumana ndi asidi wa m'chifu. Mulinso mchere wambiri womwe ndi woipa kwa munthu wa BP, wamtima kapena wa impso.

Dzifunseninso za chimbudzi. Ngati mumatha masiku awiri kapena atatu osapita, kapena chimatuluka cholimba movutikira, kudzimbidwa kumeneko ndiye kukutsekera mpweya njira, ndipo kukathetsedwa kufufuma kumachepa kokha. Nyengo yozizira anthu kuno samwa madzi chifukwa ludzu silimveka, ndipo amayi ambiri a pamsika amadzimana madzi dala poopa zimbudzi. Imwani madzi, idyani papaya ndi masamba, ndipo chimbudzi chikakupezani musachibweze. Mankhwala ena nawonso amachititsa: metformin wa matenda a shuga amabweretsa mpweya, mapiritsi owonjezera magazi amadzimbitsa. Musawasiye panokha, kauzeni omwe anakupatsani.

Pa zaka 44 msambo umayamba kusinthasintha, ndipo amayi ambiri amafufuma masiku oyandikira msambo. Komatu pamsinkhu umenewu pathupi pamathekabe. Ngati msambo wadumpha, yambani mwayezetsa musanayambe kudzipanikiza mimba. Woyembekezera, wochitidwa opaleshoni ya pamimba posachedwa, ndi yemwe ali ndi chotupa chotulukatuluka pamchombo kapena m'mphechepeche, chomwe madokotala amati hernia, asachite zopanikiza ndi zopotoza zija asanalankhule ndi azachipatala. Kupuma ndi kuyenda n'kwa aliyense.

Yesani zonsezi masabata atatu kapena anayi. Ngati palibe kusintha, pitani kuchipatala, ndipo pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo masabata amenewo. Mimba yosaphwa ngakhale m'mawa, kukhuta msanga mutangodya pang'ono, kuonda kosadziwika chifukwa, magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kusanza kobwerezabwereza, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, maso achikasu, kutupa miyendo, kutaya magazi mosiyana ndi msambo wanu. Mwa amayi, makamaka opitirira zaka 50, kufufuma kosalekeza kukhoza kukhala chizindikiro choyamba cha khansa ya thumba la mazira, ndipo ambiri amachedwa chifukwa choganiza kuti ndi mpweya chabe. Nthawi zinanso chomwe chadzaza m'mimba si mpweya koma madzi, chifukwa cha matenda a chiwindi, a mtima kapena TB ya m'mimba, ndipo madzi satuluka ndi masewera alionse. Pomwe ngati kufufumako kukubwera ndi kugeya konunkha mazira owola ndi kutsegula m'mimba kobwerabwera, tikhoza kukayikira tizilombo totchedwa Giardia tomwe timabwera ndi madzi osatetezeka. Timeneto timafuna mankhwala, ndipo timachizika mosavuta. Mukapita, kafotokozeni monga mwandifotokozera ine: nthawi yomwe imayamba, ngati imaphwa usiku, mmene chimbudzi ndi msambo zikuyendera, ndi mankhwala onse omwe mukumwa, azitsamba omwe.

Chomaliza ndi cha nyumba yonse, makamaka bambo akunyumba ndi achimuna ena akuluakulu. Kuno ku Malawi kuli vuto lomwe madokotala a opaleshoni amakumana nalo kawirikawiri, lotchedwa sigmoid volvulus. Gawo lomalizira la thumbo lalikulu, lopindika lija, limadzipotokola lokha n'kutseka njira, ndipo magazi amasiya kufika pamalopo. Kafukufuku wa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe waonetsa kuti ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe akuluakulu amatsekekera matumbo, ndipo ambiri mwa odwalawo ndi amuna. Munthu amafufuma mimba kwambiri m'maola ochepa kapena tsiku limodzi, mimba n'kulimba gwa, ululu wopotokola, ndipo chizindikiro chachikulu n'chakuti sakutulutsa mpweya ngakhale pang'ono, chimbudzinso ayi. Ena amasanza. Kufufuma kwanu kwa masana mpweya umatulukabe, uku kumakhala zii. Munthu wotero musamugoneke pamphasa kuti akumbatire mawondo, musamusisite, musamupatse soda, mankhwala otsegula m'mimba kapena zitsamba, ndipo musamudyetse. Thumbo lopotokoka limayamba kufa pakadutsa maola, ndipo wofika msanga nthawi zina amamasulidwa thumbolo lisanawonongeke, pomwe wochedwa amafunika kudulidwa gawo lina ndipo moyo wake umakhala pachiswe. Pezani galimoto usiku womwewo mupite ku Dedza District Hospital kapena ku Ntcheu District Hospital, komwe kuli kufupi ndi pomwe muli, ndipo mukafika nenani msanga kuti wodwalayu sakutulutsa mpweya kuyambira nthawi yakutiyakuti.